Kukonzekera kusaka elk ndi uta mu Sepitembala, m'mapiri amene simuwadziwa

Nkhunzi ya elk, gwape wamkulu wa ku America, ikagwa ndi muvi, mumatsala ndi nyama ya makilogalamu 90 kapena 110 mutachotsa mafupa. Nthawi zambiri imagwera m'chigwembe momwe galimoto siifika, masana dzuwa likuswa mtengo. Kukonzekera konse kuyambire pamenepo. Musanasankhe phiri, dzifunseni kuti nyama imeneyi mungaisenze mtunda wautali bwanji isanayambe kununkha. Munthu mmodzi asapitirire makilomita 3 kapena 4 kuchoka pamene waimika galimoto. Anthu awiri olimba angafike makilomita 6. Kupitirira apo m'pofunika mahatchi, ndipo mwini mahatchiwo muyenera kupangana naye musananyamuke kwanu.

Elk ndi gwape wamkulu wa nyanga zamphandamphanda, wa m'mapiri a kumadzulo kwa America. Nkhunzi imalemera makilogalamu pafupifupi 320, yaikazi 230. Sepitembala ndi nyengo yokwerana. Nkhunzi zimalira mokuwa ndi mawu onga mluzu wautali, zimasonkhanitsa zazikazi, ndipo zimabwera munthu akaziitana bwino. N'chifukwa chake mwezi umenewu ndi wa alenje a uta. Tigwiritsa ntchito chigawo cha Colorado monga chitsanzo, popeza ndiko kuli elk zambiri kuposa chigawo china chilichonse, ndiponso ndiko alendo ambiri amayambira.

Chiphaso ndi kusankha dera

Nthawi yopempha chiphaso imatha anthu ambiri asanayambe n'komwe kuganiza za ulenje. Ku Wyoming, amene sakhala m'chigawomo amapempha pofika kumapeto kwa Januwale. Ku Montana ndi ku Colorado ndi kumayambiriro kwa Epulo. Kwa zaka zambiri ku Colorado mlendo ankangogula chiphaso cha uta pakauntala, koma kuyambira 2025 alendo amalowa maere kuti akasake m'mapiri a kumadzulo kwa chigawocho. Chiphaso cha mlendo chimapitirira madola 800. Aliyense wobadwa pa 1 Januwale 1949 kapena pambuyo pake amayenera kuonetsa kadi ya maphunziro a ulenje, ndipo Idaho ndi Montana amafunanso maphunziro apadera a uta kwa munthu woyamba kumene. Ku Wyoming kuli lamulo lina limene lakhumudwitsa ambiri atafika kale: mlendo saloledwa kusaka nyama zikuluzikulu m'madera otetezedwa opanda misewu otchedwa wilderness popanda womutsogolera wovomerezeka kapena mnzake wokhala m'chigawomo. Malamulo amenewa amasintha, choncho werengani kabuku ka chaka chimenecho, osati ka chaka chatha.

Bungwe la Colorado Parks and Wildlife linagawa chigawocho m'mayuniti okhala ndi manambala, ndipo chaka chilichonse limaika pa intaneti chiwerengero cha alenje amene analowa m'yuniti iliyonse ndi elk zimene anapha. Osathamangira yuniti imene anthu ambiri anaphako. Kawirikawiri chiwerengerocho chimakwera chifukwa cha mafamu a eniake, kumene inu simudzapondako. Yang'anani yuniti imene gawo lalikulu ndi malo aboma, a US Forest Service kapena a Bureau of Land Management, yokhala ndi misewu yolowera kuchokera mbali zingapo. Pamalo aboma, mwa alenje a uta 10 amene amapha ndi mmodzi kapena awiri. Chiwerengero chimenechi chikuthandizeni kupempha tchuthi chokwanira: masiku 8 kapena 10 osaka, kuwonjezera awiri ozolowera phiri ndi awiri otulutsa nyama.

Nyengo ya uta ku Colorado imayamba pa 2 Sepitembala mpaka pa 30. Mlungu woyamba kumatentha, nkhunzi sizilira kwambiri, koma zimakhala zisanaopsezedwe ndipo zimabwerera kumadzi omwewo tsiku ndi tsiku. Kuyambira pa 12 mpaka pa 25 kulira kumachuluka, anthunso amachuluka, ndipo chapakati pa mwezi alenje a mfuti zagogodela amalowa nawo kwa masiku 9. Kwa munthu amene sadziwa dera, kuyambira cha pa 8 mpaka pa 20 n'kwabwino: masiku oyamba mumaphunzira malo, omaliza nkhunzi zikudziulula zokha.

Ntchito ya pamapu

Apa m'pamene mlendo amapindula kapena kuluza, ndipo ntchito yake imatenga milungu. Mufunika zithunzi za Google Earth, pulogalamu ya pafoni yosonyeza malire a malo aboma ndi a eniake monga onX Hunt kapena Gaia GPS, ndi mapu aulere a Forest Service otchedwa Motor Vehicle Use Map, osonyeza misewu imene galimoto imaloledwa. Msewu wooneka pachithunzi ukhoza kukhala wotsekedwa ndi geti. Ndipo ku Colorado mwini malo sakakamizidwa kutchinga mpanda kapena kuika chikwangwani. Mukaponda m'malo mwake popanda chilolezo, mlandu ndi wanu.

Yambani ndi kujambula mzere wozungulira malo alionse oimikapo galimoto, kutalika kwake kukhale mtunda uja mwagwirizana kuti mungasenze nyama. Kunja kwa mzerewo osayang'anako. M'kati mwake funani zinthu zinayi zoyandikana: mthunzi wogonamo, msipu, madzi, ndi chinthu cholepheretsa anthu kufika.

Elk kumayambiriro kwa Sepitembala zimavutika ndi kutentha, choncho masana zimagona m'nkhalango yothithikana ya mitengo ya spruce ndi fir, mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto kapena kumpoto chakum'mawa. Amene tinakulira kumwera kwa equator tizikumbukira kuti ku Colorado dzuwa limadutsa chakumwera, ndiye mbali yozizira ndi yonyowa ndi yakumpoto. Pa mtsetse woterewu funani makonde, kumene ndi kumalo kosalala pang'ono pakati pa phiri lotsetsereka. Pamapu mudzaona mizere yosonyeza kukwera kwa malo itathithikana, kenako itatalikirana, kenako itathithikananso. Pamene yatalikiranapo m'pamene elk zimagona, makamaka ngati khondelo lili chakumtunda kwa mtsetse. Msipu umakhala m'madambo ang'onoang'ono a m'nkhalango, pansi pa mitengo ya aspen, m'mphepete mwa malo amene moto unadutsa zaka zingapo zapitazo, ndi kumtunda kumene mitengo imathera. Madzi ofunika si mtsinje waukulu wa kunsi kwa chigwa, koma tiakasupe ta kumutu kwa zigwembe. Pachithunzi timaoneka ngati kadontho kobiriwira kwambiri pakati pa nkhalango. Chongani mipata yonse ya pamsana pa phiri, chifukwa elk zikasokonezedwa zimawolokera chigwa china kudzera pampata.

Chinthu chachinayi anthu amachimva molakwa. Kuthawa anthu sikutanthauza kupita kutali. Alenje a mahatchi amamanga misasa makilomita 10 kapena 15 m'kati, ndipo a miyendo amatsata njira zolambulidwa. Chigwembe chimene chili makilomita awiri okha kuchoka pamsewu, koma chofuna kuti munthu awoloke mtsinje kapena akwere mamita 400 popanda njira, nthawi zambiri chimakhala chopanda munthu.

Chongani malo otere 8 kapena 10, m'zigwa zosachepera zitatu zolowera misewu yosiyana, ena okwera mamita 2,700, ena 3,300. Theka lake mudzapeza muli anthu, nkhosa, kapena mulibe elk chaka chimenecho. Yang'ananinso deti la chithunzi. Nkhalango zambiri za ku Colorado zinaumitsidwa ndi tizilombo tofukula makungwa, ndipo mitengo youma inagwa mopingasana. Pachithunzi chatsopano pamaoneka potuwa, ngati timitengo tomwazika. M'malo otere kilomita imodzi imadya ola lathunthu, ndipo ndi ntchafu ya elk kumsana munthu akhoza kuthyoka mwendo. Mukamaliza, koperani mapu onse m'foni kuti azitseguka popanda netiweki, ndipo tengani mapu apepala ndi kampasi.

Safunsa anadya phula. Mu Julayi kapena Ogasiti imbirani foni ofesi ya zanyama ya deralo ndi ofesi ya Forest Service. Mukafunsa kuti “elk zili kuti?” adzakuuzani malo omwe amauza aliyense. Funsani motchula maina: “Pakati pa chigwa chakuti ndi chakuti, n'chiti chimene chimasunga madzi chaka chouma?” A Forest Service afunseni za misewu yotsekedwa, chiletso cha kusonkha moto, ndi kumene abusa adzakhale ndi nkhosa mwezi umenewo. Kumene kwadutsa nkhosa zambirimbiri ndi agalu ake, elk zimachokako.

Thupi ndi uta

Msasa wanu udzakhala pamalo okwera mofanana ndi nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, mamita 3,000, ndipo mudzagona pamenepo mlungu wathunthu. Miyezi itatu isanakwane yambani kukwera zitunda kapena masitepe ndi chikwama cha makilogalamu 15, n'kumawonjezera mpaka 30, mutavala nsapato zomwe mudzasakire. Nsapato zatsopano zimatulutsa matuza tsiku lachiwiri. Mukafika, gonani usiku umodzi kapena awiri pamalo otsikirapo, monga Denver pa mamita 1,600 kapena Steamboat Springs pa mamita pafupifupi 2,000. Imwani malita 4 a madzi patsiku, osefa kapena owiritsa, chifukwa ngakhale mtsinje woyera mbee umakhala ndi tizilombo ta giardia. Mutu kupweteka, nseru ndi kusowa tulo ndi zizindikiro zoyamba za matenda a pamalo okwera. Zikafika pa chifuwa chonyowa, kubanika muli chikhalire, kapena kuyenda mwadzandidzandi, tsikani nthawi yomweyo ngakhale usiku. Adokotala akhoza kukulemberani acetazolamide, mankhwala othandiza thupi kuzolowera malo okwera, musananyamuke. Ndipo kayezetseni ngati muli ndi chibadwa cha m'magazi cha sickle cell, chimene ena mwa ife tili nacho osadziwa: pamalo okwera, munthu akugwira ntchito yolemetsa, chimatha kuvulaza kapamba. Kupweteka kwambiri kumanzere pansi pa nthiti ndi nkhani ya kuchipatala.

Lamulo la Colorado limalola uta wa mphamvu yokoka yosachepera mapaundi 35, la Wyoming limafuna 50 pa elk. Uta wabwino ndi wa mapaundi 55 mpaka 65 umene mungaukoke pang'onopang'ono mutagwada, osauloza kumwamba. Muvi wonse ulemere magalamu 29 mpaka 36, amene m'masitolo amalemba kuti 450 mpaka 550 grains, wokhala ndi mutu wa mipeni yosapindika, wakuthwa kometa bweya wa pamkono. Nthiti za elk ndi zokhuthala, muvi wopepuka umaima panjira. Yesererani ndi mitu yomweyo yosakira. Ikamalasa posiyana ndi mitu yoyeserera, vuto lili pa kakonzedwe ka uta, ndipo likonzedwe mu Julayi. Nsinga yatsopano ikidwe mwezi wathunthu ulendo usanafike kuti itambasuke iime. Yesererani mutavala chikwama, mutagwada, mukupuma wefuwefu, molunjika kutsetse ndi kuchitunda. Mtunda umene mumalasa mivi yonse m'kati mwa mbale yodyera ndiwo malire anu, ndipo kwa ambiri ndi mamita 35 kapena 40. Mukafika kumsasa ponyani mivi ingapo, chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka ndipo muvi umalasa m'mwamba pang'ono pamtunda wautali.

Za nyengo n'zachidule: masana madigiri 25, usiku madzi kuundana, mabingu ndi mphenzi dzuwa likapendeka, chipale tsiku lililonse chingagwe. Zovala za thonje zisiyeni. Tengani kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti monga Garmin inReach, ndipo siyirani munthu wina mndandanda wa malo anu.

Masiku oyamba m'thengo

Osamanga msasa wolemera umene umatenga tsiku kuupasula. Gonani pafupi ndi galimoto, ndi katenti kopepuka ndi chakudya cha masiku awiri zili chire m'chikwama. Ntchito ya masiku atatu oyamba ndi kupeza elk, osati kukonda malo. Usiku ndi m'mbandakucha imani pamsana pa phiri kapena pokhota msewu pamwamba pa chigwa, zimitsani injini, mumvetsere mphindi 15. Nkhunzi zosalira masana zimalira mumdima.

Kukacha yendani mofulumira kudutsa m'makonde ndi m'tiakasupe munachonga, maso pansi. Ndowe zatsopano zimakhala zobiriwira, zonyezimira, zofewa mukaziponda. Zouma ndi zong'ambika ndi za mwezi watha. Mtengo umene nkhunzi yakhulapo nyanga posachedwa umakhala ndi utomoni wonyowa, ndipo makungwa ndi masamba ogwa pansi amakhala aawisi. Pachithaphwi chimene nkhunzi imagubudukamo, madzi akakhala ovunduka, matope othovokera pa udzu asanaume, bweya ukuyandama, ndiye kuti yachokapo maola ochepa apitawo. Fungo lake lamkodzo mudzalimva musanachione. Mukatha madzulo amodzi ndi m'mawa umodzi osaona chizindikiro cha dzulo kapena dzana, chokani mupite pamalo achiwiri. Alendo ambiri amathera mlungu wonse m'chigwa chokongola chopanda nyama chifukwa anachikonda pakompyuta.

Mukazipeza, chepetsani liwiro, mphepo ndiyo ikulamuleni. Elk ikakuonani kapena kukumvani imatha kukayika, koma ikakununkhizani imathawa, gulu lonse n'kuwolokera chigwa china. M'mapiri mpweya wozizira umatsetsereka kunsi usiku wonse mpaka dzuwa litatenthetsa mtsetse, kenako umayamba kukwera, ndipo chisisira chikagwa umatsikanso. Choncho m'mawa khalani kunsi kapena pambali pa nyama, masana kumtunda kwake. Nthawi yoopsa ndi cha m'ma 9 kapena 10 koloko, mpweya ukamatembenuka ndi kuzungulirazungulira. Pamenepo bwererani m'mbuyo mamita 300, mukhale pansi mpaka mphepo ikhazikike. Kabotolo ka ufa woyesera mphepo, kapena phulusa m'kansalu, kakhale m'thumba la pachifuwa, muzikagwedeza pafupipafupi.

Mlungu woyamba wa nyengoyi, kudikirira pachithaphwi chatsopano kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko, kapena madzulo, kumapha nkhunzi zambiri kuposa kuitana. Khalani mamita 25 kuchokera pamadzi, mbali imene mphepo ikupita.

Kuitana ndi kulasa

Kachipangizo koitanira ka m'kamwa kamafuna miyezi iwiri yoyeserera. Zoitanira za batire n'zoletsedwa. Kumayambiriro kwa nyengo musamakuwe ngati nkhunzi yaukali. Lirani mofatsa ngati yaikazi kawiri kapena katatu, khulani mtengo ndi chikuni, thyolani timitengo, ndiye khalani chete. Nkhunzi za nthawi imeneyi zimabwera mwakachetechete, choncho dikirani mphindi 30 kapena 45 musanasunthe.

Nkhunzi imadziwa bwino pamene mawu achokera. Ikafika poti ikuona malowo koma osaona yaikazi, imaima pomwepo, kawirikawiri mamita 70 kapena 80, n'kubwerera. Mukakhala awiri, woitana akhale mamita 50 kumbuyo kwa wolasa, pamalo obisika ndi kachitunda kapena zitsamba. Mukakhala nokha, itanani kenako sunthirani kutsogolo mamita 25, chakumbali imene mphepo ikupita, popeza nkhunzi imazungulira kumeneko kuti inunkhize. Imani kutsogolo kwa mtengo, osati kumbuyo kwake kumene nthambi zingatchinge muvi. Chotsani timitengo pansi pa mapazi, yezani mtunda wa mitengo itatu ndi choyezera chowerengera kutsetsereka, ndipo kokani uta mutu wa nyama ukabisika kuseri kwa mtengo.

Lasani nyama itaima chopingasa kapena itapotolokera kutali pang'ono. Tsatani mwendo wakutsogolo kukwera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi. Ikakhala yopotolokera kutali, lozani mwendo wakutsogolo wa mbali inayo. Ikayang'ana chakwa inu, fupa la phewa latchinga mapapo, musalase. Muvi ukachoka, penyani kumene yalowera, mvetserani, chongani pamene munaima. Magazi ofiira motuwirako a thovu ndi a mapapo: dikirani mphindi 45. Ofiira moderako ndi a chiwindi: maola 4 mpaka 6. Muvi wonunkha wokhala ndi zobiriwira wadutsa m'matumbo: maola 8 kapena kuposa. Kutentha kudzakukakamizani kufulumira, koma elk yovulala mukaidzutsa pogona imayenda makilomita popanda kudontha magazi.

Nyama

Sainani chiphaso monga kabuku kanenera, jambulani zithunzi mwachangu, yambani kusenda. Simufunika kutumbula. Goneketsani nyama chammbali, ng'ambani chikopa kutsata msana kuchokera m'khosi mpaka kumchira, sendani mbali yapamwamba, chotsani mwendo wakutsogolo, kenako ntchafu podula pamfundo ya m'chiuno mosamala kuti mpeni usaboole mimba. Chotsani mnofu wautali wa pamsana, nyama ya m'khosi ndi ya m'nthiti, ndipo minofu yofewa ya m'kati mwa msana muitulutse polowetsa dzanja kuseri kwa nthiti yomaliza. Tembenuzani, bwerezani mbali inayo. Lamulo la Colorado limafuna kuti miyendo inayi ndi minofu ya msana yonse zituluke, ndiponso kuti chizindikiro chosonyeza ngati nyamayo ndi yamphongo kapena yaikazi chikhale cholumikizika ku ntchafu imodzi. Chikadulidwa mwangozi sichibwezeretseka, ndiye ganizirani zimenezi mpeni usanafike pamenepo.

Kuwola kumayambira pafupa la ntchafu ndi m'khosi, m'mene kutentha kumabisala. Ng'ambani ntchafu mpaka pafupa kuti mpweya ulowe, kapena chotsani fupalo. Ikani m'matumba ansalu opumira, asanu kapena asanu ndi limodzi, otchinga ntchentche. Pulasitiki ayi. Pachikani pamthunzi wa mbali yakumpoto kapena pamwamba pa kamtsinje, matumba asakhudzane. Nyama ikazizira bwino usiku woyamba imapirira masiku awiri kapena atatu pamthunzi. Ichotseni mamita 100 kuchoka pachitanda, pamalo oonekera patali, chifukwa zimbalangondo zimayambira pamatumbo. Ku Colorado n'zakuda zokha, koma kufupi ndi paki ya Yellowstone ndi kumadzulo kwa Montana kuli zazikulu zaukali zotchedwa grizzly, ndipo kumeneko mankhwala opopera chimbalangondo akhale palamba, osati m'chikwama.

Munthu mmodzi amasenza maulendo anayi kapena asanu a makilogalamu 30 mpaka 35, kuphatikizapo mafupa ndi nyanga. Pamtunda wa makilomita 3, maulendo anayi ndi makilomita 24, theka lake ndi katundu. M'madera a wilderness lamulo la 1964 limaletsa injini ndi mawilo, ngakhale wilibala. Nyama iyambe kutuluka, nyanga zitsirize. M'galimoto mukhale mabokosi awiri ozizira a malita 120 kapena kuposa, odzaza mabotolo a madzi oundana kuyambira tsiku lofika, ndi nambala ya wokonza nyama wa m'tauni yapafupi monga Craig, Meeker kapena Gunnison. Ngati mukuwoloka malire a chigawo, zigawo zambiri siziloleza kulowetsa ubongo ndi fupa la msana chifukwa cha matenda a ubongo a agwape otchedwa chronic wasting disease, choncho chigaza chitsukidwe, ndipo muone m'kabuku ngati yuniti yanu ikufuna kuti mutu ukayezedwe musanachoke.